Momwe mudzi ungawerengere mbalame za padambo ndi kuika malire a ulenje

Amene anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amadziwa kuti matemba akasowa, ndiwo zimachokera m'njedza. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anangotsala pamatope. Zikatero msodzi amapachika ukonde n'kutenga msampha. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anapeza kuti mbalame zopitirira miliyoni imodzi zinkagwidwa pachaka kuzungulira nyanjayi. Ine sindiona chochititsa manyazi pa ulenje umenewu, chifukwa mbalame zagula mchere, zagula sopo, zalipirira ana sukulu. Chimene chimandipweteka ndi misonkhano imene wina amaimirira n'kuti mbalame zatha, wina n'kuti bodza zangosamuka, onse awiri alibe kope m'manja. Lamulo lobadwira pamsonkhano wotero silikhalitsa.

Njira imene ndikufotokozayi ndi yoti mudzi uwerenge kuwiri: mbalame zimene zili pamadzi, ndi mbalame zimene zalowa m'dengu. Ingagwire ntchito ku Chilwa, ku Chiuta, ku Elephant Marsh m'chigwa cha Shire, ngakhale padambo laling'ono la kumudzi kwanu.

Gawo loyamba: yambirani kwa mfumu ndi kwa alenje

Musayambe ndi kulemba malamulo. Pitani kwa a nyakwawa, muwapemphe kuti aitane onse otchera misampha, a ulimbo, a maukonde, a mfuti, pamodzi ndi amayi amene amagula mbalame n'kukawamba kapena kukazinga pamsika. Amayiwa musawaiwale, ndiwo amadziwa kuti dengu likudzaza masiku angati ndi kuti mtengo wakwera liti.

Pamsonkhano woyamba funsani zinthu zitatu basi: mumagwira mbalame zanji, mumazigwira kuti, mumazigwira miyezi iti. Mawu oti “kuletsa” asatuluke tsiku limeneli. Munthu akamva kuti kope lanu ndi loti akamangidwire, akuuzani theka la zimene wagwira, ndipo ntchito yonse yafera pomwepo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: amene mbalame zikatha agone ndi njala ndi mlenje yemweyo, choncho owerenga asankhidwe pakati pa alenje. Anthu 6 kapena 8 akwana, ndipo pakhale mmodzi wolemba bwino, kaya mphunzitsi kaya wachinyamata wa ku sekondale.

Si zachilendo zimenezi. Ku Chilwa alenje anapanga bungwe lawo la Mwayi wa Mbalame mu 2001, ndipo bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira nawo ntchito. Ngati muli ku Zomba, Machinga kapena Phalombe, fufuzani kaye ngati kufupi ndi kwanu kuli kalabu ya alenje musanayambe yanu.

Gawo lachiwiri: mvanani mayina

Kakowa, tsekwe, nkhwazi, vuwo, dokowe, nantchengwa, awa aliyense amawadziwa. Vuto limabwera pa timbalame ta m'njedza ndi m'mpunga, ndi pa abakha akutchire amene ali mitundumitundu. Mbalame imodzi imakhala ndi dzina lina m'Chichewa, lina m'Chiyao, lina m'Chilomwe, ndipo nthawi zina dzina limodzi limaphimba mitundu iwiri. Khalani pansi ndi akuluakulu, mutenge buku la zithunzi za mbalame kapena foni, muloze chithunzi chimodzichimodzi. Lembani dzina limene mwagwirizana patsamba loyamba la kope, pambali pake dzina la m'buku. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma inu musafune zonse. Sankhani 10 kapena 15 zimene zimadyedwa kwambiri, muwonjezere zikuluzikulu zosavuta kuona.

Gawo lachitatu: sankhani malo, ndipo musadzawasinthe

Pezani malo 4 kapena 5 oimapo, poti munthu amaona madzi patali: pachulu, padoko, pamlatho, pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja. Malo aliwonse akhale ndi malire ooneka ndi maso, monga “kuyambira pa mgwalangwa kufika pa ngalande”. Ngati mukuwerenga pabwato, njira yake ikhale imodzimodzi nthawi zonse, ndipo wopalasa asathamange.

Anthu ambiri amalakwitsa apa. Chaka chino aima pachulu, chaka chamawa amva kuti abakha achuluka tsidya lina ndiye apita kumeneko. Manambala otero sangafanizidwe. Malo akauma, pitanibe, mulembe kuti panalibe mbalame. Ziro ameneyo ndi nambala yofunika ngati ina iliyonse.

Pamalo amodzi zikani mtengo wolimba m'madzi, muudule tizizindikiro masentimita 10 alionse. Tsiku lililonse lowerenga lembani pomwe madzi afika. Popanda mtengo umenewu simungasiyanitse mbalame zimene zachepa chifukwa cha ulenje ndi zimene zachoka chifukwa madzi aphwa kapena asefukira, monga anachitira mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy.

Gawo lachinayi: tsiku ndi katundu

Werengani kamodzi pamwezi ngati mungathe. Ngati simungathe, miyezi iwiri musaiphonye: Januwale ndi Julayi. Imeneyi ndi miyezi imene owerenga mbalame za m'madzi m'maiko a mu Africa amatuluka, m'kalembera amene bungwe la Wetlands International limayendetsa, yemwe anayamba mu 1967 ku Ulaya. Januwale amakupezetsani mbalame zobwera kuchokera kutali, Julayi amakuonetsani za pakhomo ndi ana amene aswedwa chaka chimenecho.

Lawirirani, dzuwa likangotuluka, mumalize isanakwane 10 koloko. Dzuwa likakwera mpweya umanjenjemera pamwamba pa madzi ndipo mbalame zambiri zimabisala. Tsiku la mphepo yamphamvu kapena mvula yamvumbi lisiyeni, mupite mawa lake. Tengani kope lachikuto cholimba, pensulo osati cholembera cha inki chifukwa inki imasungunuka likanyowa, ndi jumbo yosungiramo. Magalasi oonera patali amathandiza kwambiri, ngakhale amodzi okha oti muzibwerekana. Valani zovala zosawala. Musalowe m'madzi popanda chifukwa, likodzo ndi lenileni, ndipo ku Shire kuli ng'ona ndi mvuu.

Gawo lachisanu: kuwerenga kwenikweni

Imani dzuwa lili kumbuyo kwanu. Mukafika musayambe nthawi yomweyo, khalani phee mphindi 5 kuti zimene zinadzidzimuka zitere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lembani tsiku, nthawi, malo, mayina a owerenga, nyengo, ndi muyeso wa madzi.

Kenaka ponyani maso pagulu lonse mwachangu, munene nambala yongoyerekeza, muilembe pambali. Mukuchita izi chifukwa nkhwazi ikhoza kudutsa, gulu lonse n'kuuluka musanafike pakati. Mukatero yambani kumanzere kupita kumanja, mtundu umodzi pa nthawi imodzi. Akakowa kaye, mumalize, kenaka abakha.

Ngati zili zosakwana 50, werengani imodziimodzi. Zikachuluka, werengani 10 bwinobwino, muone kukula kwa malo amene 10 zimenezo zatenga, ndiye muziyeza gulu lonse ndi muyeso umenewo m'maso mwanu: 10, 20, 30. Zikafika m'masauzande, muyeso wanu ukhale 50 kapena 100. Chenjerani ndi pakati pa gulu pomwe zimathinana, chifukwa diso limakonda kuchepetsa pamenepo. Gulu louluka liyambireni kutsogolo kubwerera m'mbuyo, ndipo muone kumene latera kuti musadzaliwerengenso pamalo achiwiri.

Awerenge anthu awiri, aliyense payekha, osauzana mpaka atamaliza. Wina akapeza 400 wina 440, lembani 420. Wina akapeza 400 wina 900, bwerezani. Luso limeneli limaphunzirika pakhomo: tapani chimanga kapena nyemba m'manja, mwazani palichero, aliyense anene nambala m'masekondi ochepa, kenaka muwerenge zenizeni. Mukachita izi madzulo angapo, aliyense amadziwa ngati diso lake limachulutsa kapena limachepetsa. Ana amaukonda masewerawa, ndipo kawirikawiri amaposa akuluakulu.

Mbalame imene simukuidziwa musaipatse dzina longopeka. Lembani “bakha wosadziwika, 30”, muijambule ndi foni ngati n'kotheka.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: werengani za m'dengu

Gawo ili ndilo limasiyidwa kawirikawiri, pomwe ndilo msana wa ntchito yonse. Mbalame zambiri zimene zimagwidwa ndi misampha ndi zobisala m'njedza, m'bango ndi m'minda ya mpunga. Mukhoza kuima pachulu tsiku lonse osaona ngakhale 10, pomwe pamsika zafika mazanamazana. Mbalame zotere siziwerengeka ndi maso. Zimawerengeka ndi khama la mlenje.

Sankhani alenje 10 odzipereka. Masiku awiri pa sabata, wolemba akumane nawo pobwera, alembe zinthu zinayi: watchera misampha ingati, yakhala masiku angati, wagwira zingati, zamtundu wanji. M'kope musalembe mayina awo, apatseni manambala. Pakutha pa mwezi gawani mbalame zogwidwa ndi kuchuluka kwa misampha, kenaka ndi masiku amene misamphayo yakhala itatcheredwa.

Tiyerekeze kuti chaka chino misampha 100 ikugwira mbalame 20 pa tsiku. Chaka chamawa mwezi womwewo, madzi ali pamuyeso womwewo, misampha 100 ikugwira 12. Mlenje mwina sadandaula, chifukwa wawonjezera misampha kufika 200 ndipo dengu likudzazabe. Pamsika mbalame zikuoneka zambiri ngati kale. Koma kope likunena zoona: dambo layamba kuchepekedwa, ndipo dengu likudzaza chifukwa cha thukuta lowonjezera. Chizindikiro china ndi mtunda. Ngati kale munthu ankatchera kuseri kwa mudzi koma lero akupalasa maola awiri, lembani zimenezo.

Amayi okonza mbalame alembetse china: ndi sabata iti imene ayamba kupeza mazira m'mimba mwa mbalame zazikazi, ndi sabata iti imene ayamba kulandira tiana tanthenga zosakhwima. Alenje nawo anene akaona zisa. Mbalame zambiri za m'madzi kuno zimaswa m'dzinja ndi miyezi yotsatira madzi akadali ambiri, koma sabata yeniyeni imasiyana malo ndi malo, mtundu ndi mtundu. Kope la amayiwa ndilo lidzakuuzani nthawi yotseka, osati munthu wochokera kutauni.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: bwererani kubwalo ndi manambala

Pakatha chaka chathunthu, a mfumu aitanenso anthu. Jambulani manambala pabolodi kapena papepala lalikulu, mwezi ndi mwezi. Afotokoze mlenje amene anawerenga nawo. Tsopano mutha kukamba za malamulo, ndipo akhale ochepa, oti munthu awaloweze.

Loyamba likhale la malo opumira mbalame. Sankhani chigawo chimodzi kapena ziwiri kumene zisa zimachuluka, mugwirizane kuti kumeneko sikulowa msampha chaka chonse. Malire ake akhale ooneka, zikani mitengo yopaka penti. Mwa malamulo onse, ili ndilo losavuta kulondera, chifukwa munthu akapezeka m'katimo ndi misampha palibe chokambirana. Ndipo mbalame zoswedwa m'menemo sizikhala momwemo, zimafalikira kumene anthu akutchera.

Lachiwiri ndi nyengo yotseka. Asodzi anazolowera kale kuti nyanja imatsekedwa kwa makoka nsomba zikamaswa, ndiye ganizoli si lachilendo. Koma kumbukirani kuti miyezi yoswa mbalame imagwera pa nthawi ya njala, nkhokwe zili mbee. Mukatseka miyezi 6 nthawi imodzi, lamulo lidzathyoledwa usiku ndipo komiti yoyang'anira malamulowa idzadedwa. Ndi bwino kutseka masabata ochepa amene kope laonetsa kuti mazira ndi ochuluka, anthu n'kusungadi, kusiyana ndi kutseka theka la chaka papepala pokha. Mudzawonjezera anthu akaona phindu.

Lachitatu, musaike mbalame zonse m'thumba limodzi. Bakha wakutchire amaikira mazira ambiri, nthawi zina kupitirira 10, ndipo chaka cha madzi abwino amabwerera msanga. Vuwo amaikira awiri. Nkhwazi imaikira awiri kapena atatu, ndipo mwana wake amatenga zaka zingapo asanayambe kuswa. Mbalame zoswa pang'onopang'onozi zisaphedwe n'komwe, ndipo malo amene zimamanga zisa pamodzi asayandikiridwe, chifukwa makolo akathawa ngakhale kanthawi kochepa, akhwangwala ndi dzuwa zimamaliza mazira. Atsekwe ndi abakha ali ndi nyengo imene amathothoka nthenga zonse zakumapiko nthawi imodzi, n'kukhala masabata angapo osauluka. Pamenepo munthu mmodzi ndi galu akhoza kumaliza gulu lathunthu. Nyengo imeneyo itsekedwenso.

Ndiye pali zinthu zitatu zoti pasakhale kunyengerera: kutola mazira, kuotcha njedza ndi bango zisa zili m'kati, ndi poizoni. Mpunga woviikidwa mu temeki supha bakha yekha. Umapha nkhwazi imene yadya bakhayo, galu, ndipo nyamayo imakathera m'mbale ya mwana wa munthu amene anagula pamsika osadziwa. Wochita zimenezi nkhani yake si ya chindapusa cha nkhuku, ndi ya kupolisi.

Gwirizananinso za alendo. Alenje a mfuti obwera ndi galimoto azionekera kwa mfumu ndi kukomiti, aonetse ziphaso zawo, ndipo zimene apha zilowe m'kope lomwelo. Palibe chimene chimaphwanya komiti msanga ngati anthu kuona kuti lamulo likuluma wa msampha yekha.

Gawo lachisanu ndi chitatu: lamulo lanu lidziwike kuboma

Nyama zakutchire ndi mbalame zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndiyo imaliyendetsa. Malamulo a mudzi sangalole chimene lamulo la dziko likuletsa. Lembani zimene mwagwirizana, asaine a gulupu ndi mfumu yaikulu, mupite nazo kukhonsolo ndi kwa a zanyama kuti akuuzeni mitundu yotetezedwa ndi ziphaso zofunika. Ndalama za chindapusa zilembedwe ndipo ziwerengedwe poyera pamsonkhano uliwonse.

Manambala anu atumizeni kwa a zanyama ndi ku Wildlife and Environmental Society of Malawi, koma kope lenileni likhale m'mudzi. Ali ndi ntchito kuposa momwe mungaganizire. Pangano la Ramsar, limene linasainidwa ku Iran pa 2 Febuluwale 1971, limazindikira dambo ngati lofunika padziko lonse likamasunga mbalame za m'madzi 20,000 kawirikawiri, kapena gawo limodzi mwa magawo 100 a mtundu wina wa mbalame. Malawi analowa m'panganoli mu 1997 ndi Chilwa, ndipo Elephant Marsh inalembedwa mu 2017. Zonsezi zinatheka chifukwa anthu ena anaima m'mawa n'kuwerenga.

Gawo lachisanu ndi chinayi: mphete, mbalame zakufa, ndi ana

Mukagwira kapena kutola mbalame yovala mphete yachitsulo kumwendo, musataye mpheteyo ndipo musaope. Lembani zilembo ndi manambala onse, tsiku ndi malo. Mphete za kumwera kwa Africa zimayang'aniridwa ndi bungwe la SAFRING ku University of Cape Town, komwe mungatumize zimene mwalembazo kuti akuuzeni kumene mbalameyo yachokera, ndipo zina zimachokera ku Ulaya, monga za adokowe oyera ndi anamzeze amene amabwera kuno nyengo ya mvula. Pitani nayo mphete kusukulu tsiku limene yankho labwera, mwana aone pamapu kumene namzeze wa padenga lawo wachokera. Mwana ameneyo legeni amaigwira mosiyana kuyambira tsikulo. Tengani ana awiri kapena atatu ulendo uliwonse wowerenga, ndipo pa 2 Febuluwale, tsiku lokumbukira madambo, muwapatse iwo choko kuti alembe manambala pabolodi.

Mukapeza mbalame zambiri zitafa malo amodzi popanda bala, musazigwire, musazidye, musapatse agalu, ndipo nkhuku zisayandikire. Ukhoza kukhala poizoni, chikhoza kukhala chimfine cha mbalame, chimene mu 2021 chinapha avuwo mazanamazana ku Senegal ndi mbalame za m'nyanja zikwizikwi ku South Africa. Dziwitsani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Gawo lomaliza: kuwerenga kope lenilenilo

Chaka chimodzi sichikuuzani ngati mbalame zikuchepa. Chimangokuuzani nyengo. Kufananiza kumayamba chaka chachiwiri, ndipo chithunzi chimayamba kuoneka chachitatu. Fananizani Januwale ndi Januwale, Julayi ndi Julayi, chala china chili pa muyeso wa madzi. Ngati madzi atsika ndipo mbalame zachepa, dikirani muone chaka chinacho, koma chepetsani misampha pa timadzi totsalato, chifukwa mbalame zonse za dera zimaunjikana pamenepo ndipo zimagwidwa mosavuta mpaka munthu kuganiza kuti zachuluka. Ngati madzi ali chimodzimodzi koma zogwidwa pa misampha 100 zatsika zaka ziwiri zotsatizana, kulitsani malo opumira kapena wonjezerani masabata otseka. Ngati zakwera zaka ziwiri zotsatizana, komiti ibwezeko masabata ena kwa alenje, ndipo ilengeze pabwalo kuti ikutero chifukwa cha manambala. Kope likadzaza, lijambuleni tsamba ndi tsamba pa mafoni a anthu awiri osiyana, lenilenilo mulisunge kwa a mfumu m'jumbo, pamalo poti chiswe sichifika.